Georg Ohm, mphunzitsi wa sekondale amene anayeza waya

Anzanga nonse amene mumaima pa bolodi pano nthawi ya buleki, sabata ino ndabweretsa mbiri ya munthu amene dzina lake timalilemba m'makope a Physics koma ambiri sitimudziwa. Ndikunena za Ohm. Eya, Ohm yemwe uja wa V = I × R, amene chizindikiro chake chimaoneka ngati chibangili chotseguka kumunsi, Ω. Alipo ena amene amaganiza kuti ohm ndi chidule cha mawu ngati JCE kapena ESCOM. Ayi ndithu, anali munthu. Anali ndi bambo ake ndi mayi ake, ankasowa ndalama ngati mmene timasowera ifemu, ndipo zaka zambiri za moyo wake anali mphunzitsi wa sekondale basi, wa choko m'manja. Ine ndine wa Fomu 2 chabe, choncho achimwene ndi achemwali a Fomu 4 muwerenge mofatsa, masamu onse ndawaika poyera kuti muwayese nokha.

Georg Simon Ohm anabadwa pa 16 Malichi 1789 m'tawuni ya Erlangen, imene masiku ano ili m'chigawo cha Bavaria ku Germany. Kuti muone kuti ndi kale bwanji, David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi mu 1859, Ohm atamwalira kale zaka zisanu m'mbuyomo. Bambo ake, a Johann Wolfgang Ohm, anali mmisiri wa maloko ndi makiyi. Mayi ake, a Maria Elizabeth Beck, anali mwana wa telala. M'banjamo munabadwa ana asanu ndi awiri, koma amene anakula ndi atatu okha: Georg, mng'ono wake Martin, ndi mlongo wawo Elizabeth Barbara. Mayi aja anamwalira Georg ali ndi zaka khumi.

Bambo akewo ndi amene amandidabwitsa kwambiri m'nkhani yonseyi. Sanapite patali ndi sukulu, koma anadziphunzitsa okha masamu ndi sayansi powerenga mabuku, kenako n'kumaphunzitsa ana awo pakhomo. Georg analowa sekondale ya ku Erlangen ali ndi zaka 11 n'kukhalako mpaka zaka 15, koma kusukuluko sayansi inali yochepa kwambiri, zambiri zinali zoloweza. Masamu enieni ankawapeza kunyumba, kwa munthu wonunkha zitsulo. Ndipo musaganize kuti anali masamu a chibwana, chifukwa mng'ono wake Martin pambuyo pake anakakhala pulofesa wa masamu ku Berlin. Ana awiri, mphunzitsi mmodzi, wokonza maloko. Bambowa anawaphunzitsanso kugwira zitsulo, kusula ndi kupala, ndipo lusoli mudzaliona kutsogoloku kuti linamuthandiza bwanji Georg.

Mu 1805, ali wamsinkhu ngati wathu womwewu, Georg analowa yunivesite ya Erlangen. Apa ndiye anabalalika. M'malo mowerenga, nthawi yake inkathera kovina, kotsetsereka pa madzi oundana nthawi yozizira, ndi kosewera masewera ofanana ndi pool. Eya, pool yomwe ija imene anyamata ena amathawira pa trading pano piriyodi yomaliza isanathe. Sinditchula mayina. Bambo ake atamva anakwiya kwambiri, pajatu ndalama zimene ankamulipirira zinali za thukuta. Atangokhala ma semesita atatu anamuchotsa n'kumutumiza ku Switzerland. Mu Sepitembala 1806, ali ndi zaka 17 zokha, anayamba ntchito yophunzitsa masamu pa sukulu ina ku Gottstadt. Taganizani, munthu wa msinkhu wa Fomu 3 kapena 4 kuima kutsogolo kwa kalasi.

Kumeneko ndi kumene nzeru zinabwerera. Mphunzitsi wake wakale wa ku yunivesite, Karl Christian von Langsdorf, anamulangiza kuti aziwerenga yekha mabuku a akatswiri a masamu monga Euler, Laplace ndi Lacroix. Anachitadi zimenezo kwa zaka zingapo, uku akuphunzitsa ana a anthu kuti apeze chakudya. Mu 1811 anabwerera ku Erlangen ndipo pa 25 Okutobala chaka chomwecho analandira digiri ya udokotala. Anayamba kuphunzitsa pa yunivesite pomwepo, koma malipiro ake anali osakwanira n'komwe kukhalira moyo, ndiye anasiya. Mu 1813 boma la Bavaria linamutumiza ku sukulu ina yosayenda bwino ku Bamberg. Sukuluyo inatsekedwa mu 1816, n'kumusamutsira ku ina ya ana odzaza kalasi. Za kudzaza kalasizi sindifunika kukufotokozerani. Ali ku Bamberg analemba buku la geometry pofuna kuonetsa kuti iye si munthu wamba, ndipo mu Sepitembala 1817 anapeza malo abwinoko pa sekondale ina mumzinda wa Cologne. Kumeneko kunali labu ya zipangizo zokwanira.

Tsopano kuti mumvetse ntchito imene anagwira, muiwale kaye zonse zimene tili nazo lero. Nthawi imeneyo kunalibe babu lamagetsi. Kunalibe ammeter kapena voltmeter yoti munthu akagule. Batire lenilenilo linali chinthu chatsopano, Alessandro Volta wa ku Italy anali atangolipanga mu 1800. Mu 1820 munthu wina wa ku Denmark, Hans Christian Oersted, anapeza kuti waya wodutsa magetsi ukauyandikiza pa kampasi, singano ya kampasiyo imapotoka. Ohm anaona kuti apa pali njira yoyezera. Singano ikapotoka kwambiri ndiye kuti magetsi odutsa ndi ambiri, ikapotoka pang'ono ndi ochepa. Funso lake linali losavuta kulimva: ndikatalikitsa waya, magetsi odutsamo amachepa ndi mlingo wotani? Anthu ankadziwa kale kuti amachepa. Chimene panalibe ndi nambala.

Anadzipangira chipangizo chake. Anapachika singano ya maginito pa kachingwe kopyapyala ka golide, pamwamba pa waya. Magetsi akadutsa singano inkapotoka, iye n'kupotokola kachingwe kaja kuchokera pamwamba mpaka singanoyo ibwerere pamalo pake, kenako n'kuwerenga kuti wapotokola mochuluka bwanji. Mawaya ambiri ankawakonza yekha, ndipo apa ndi pamene luso la bambo ake lija linagwira ntchito.

Ulendo woyamba sizinayende. Mu 1825 anasindikiza zotsatira zake, koma fomula imene anapeza sinali yolondola. Vuto linali mabatire a nthawi imeneyo. Ukangolumikiza, mphamvu yake inkakwera kenako n'kumatsika uli mkati moyeza. Zili ngati kuyeza chimanga pa sikelo imene ikusintha yokha. Mkonzi wa magazini ya sayansi dzina lake Johann Christian Poggendorff anamulangiza kuti asiye mabatire agwiritse ntchito njira ina imene Thomas Seebeck anali ataitulukira chakumene. Njirayo ndi iyi: ukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana pa malo awiri, polumikizira pamodzi n'kupatenthetsa, pena n'kupaziziritsa, pamatuluka magetsi. Ohm anatenga kopa ndi chitsulo china chotchedwa bismuth. Mbali imodzi anaiika m'madzi owira, ina mu ayezi wosungunuka. Inu mukudziwa kuti madzi owira amakhala pa madigiri 100 ndipo ayezi wosungunuka pa 0, sizisuntha. Ndiye kuti kukankha kwa magetsi nako kunali kosasuntha. Ine apa ndi pamene ndimamupatsa ulemu munthuyu, chifukwa anapeza batire lokhazikika kuchokera ku poto wa madzi ndi ayezi.

Kumayambiriro kwa 1826 anayesa mawaya a kopa asanu ndi atatu, onenepa mofanana koma otalika mosiyana. Ankalumikiza mmodzimmodzi n'kulemba nambala. Ataziika pamodzi nambalazo zinagwirizana ndi fomula imodzi yosavuta: magetsi odutsa amafanana ndi mphamvu yokankha ukaigawa ndi kukana konse kwa njira imene akudutsamo. Mu 1827 anatulutsa buku lake ku Berlin, lotchedwa Die galvanische Kette, mathematisch bearbeitet, kutanthauza kuti njira ya magetsi yofotokozedwa ndi masamu. Maganizo ake anatengera pa ntchito ya Joseph Fourier wa ku France, amene anafotokoza mmene kutentha kumayendera m'chitsulo kuchoka kotentha kupita kozizira. Ohm anati magetsi nawo amayenda chimodzimodzi.

Ndiime kaye pa mbiriyi kuti tione chimene anapezacho, chifukwa ambiri timangoloweza katirayango kaja ka V pamwamba, I ndi R pansi, osadziwa kuti kakunena chiyani. Tiyerekeze thanki ya madzi imene ili pamwamba, ndi paipi yotsika pansi. Thanki ikakwera kwambiri madzi amakankha mwamphamvu. Kukankha kumeneko ndiye voltage, V, ndipo timayeza mu ma volt. Kuchuluka kwa madzi odutsa mu paipi pa sekondi iliyonse ndiye current, I, mu ma amp. Kuthina ndi kutalika kwa paipi, kumene kumaletsa madzi kudutsa momasuka, ndiye resistance, R, mu ma ohm. Paipi yaitali ndi yopyapyala imadutsitsa madzi ochepa. Waya nayenso chimodzimodzi. Choncho I = V ÷ R, kapena V = I × R, kapena R = V ÷ I. Ndi fomula imodzi yomweyo, yangotembenuzidwa.

Tiyese ndi tochi ya mabatire awiri. Batire lililonse ndi 1.5 V, awiri otsatizana ndi 3 V. Tinene kuti ammeter ikuonetsa 0.3 A. Resistance ya babu ndi 3 ÷ 0.3, yankho 10 Ω. Basi. Simufunika kuphwanya babu kuti muone m'kati, nambala ziwiri zakuuzani yachitatu.

Palinso chinthu chachinayi, power, P, imene timayeza mu ma watt. Iyi imatiuza kuti chipangizo chikudya mphamvu mofulumira bwanji, ndipo P = V × I. Tochi ija ndi 3 × 0.3, yankho 0.9 W. Koma pano tisamunamizire Ohm za eni ake. Dzina la watt linachokera kwa James Watt wa ku Scotland, wa mainjini oyendera nthunzi. Ndipo amene anayeza kutentha kotuluka mu waya wodutsa magetsi ndi James Joule wa ku England, cha mu 1841. Iye anapeza kuti kutenthako kumatsata I × I × R. Mukaika V = I × R ya Ohm m'kati mwa P = V × I mupeza zomwezo, P = I × I × R. Muisunge imeneyi, ibweranso posachedwa.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Pa trading pa Chiponde pali magetsi a ESCOM, ochokera kwenikweni ku mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nkula inayamba kupanga magetsi mu 1966, patatha zaka 139 buku la Ohm litatuluka. Magetsi amenewa amafika mu soketi ali 230 V. Tiyerekeze ayironi yolembedwa 1150 W kumbuyo kwake. Current ndi P ÷ V, ndiye kuti 1150 ÷ 230, yankho 5 A. Resistance yake ikatentha ndi 230 ÷ 5, yankho 46 Ω. Mukaisiya ikuyaka maola awiri osazima ndiye kuti 1.15 kW × 2, mayunitsi 2.3 apita. Amene kwanu mumagula mayunitsi mwaona tsopano chifukwa chake amayi amakalipa munthu akasita malaya amodzi okha n'kuiwala kuzimitsa.

Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito ku Malawi kuno imakhala ndi fyuzi m'kati, ndipo yaikulu kwambiri ndi 13 A. Chulukitsani 230 × 13, mupeza 2990 W. Amenewo ndiwo malire a pulagi imodzi. Ndiye wina amatenga ekisitenshoni imodzi, n'kulumikizapo ayironi ija ya 1150 W, ketulo ya 2000 W, ndi hot plate ya 1000 W. Zonse pamodzi ndi 4150 W. Gawani ndi 230, mupeza pafupifupi 18 A, pa pulagi yopangidwira 13 A. Waya ndi pulagi zimayamba kutentha. Fyuzi ntchito yake ndi kupsa current ikapyola kwambiri, kuti ife tisapse. Koma mukudziwa zimene anthu ena amachita fyuzi ikapsa, amaikapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Mukadzaona wina akuchita zimenezo muuzeni 230 × 13, ndipo inu musagwire soketi kapena kuyesa kuyeza magetsi a ESCOM ndi manja anu. 230 V imapha.

Koma ambirife sitikhala pa trading. Timachokera kumidzi, timayenda pansi kapena panjinga m'mawa uliwonse, ndipo magetsi athu ndi sola ndi batire la 12 V. Apa ndi pamene ndikufuna muwerenge kawiri, chifukwa ndi pamene ntchito ya Ohm ya mawaya asanu ndi atatu aja imatikhudza mwachindunji. Babu la 6 W pa batire la 12 V limakoka 6 ÷ 12, yankho 0.5 A. Palibe vuto. Koma tengani TV ya 12 V yodya 60 W. Imakoka 60 ÷ 12, yankho 5 A. Mwaiona nambalayo? Ndi yomwe ija ya ayironi. TV ya 60 W yokha pa batire ikukoka current yofanana ndi ayironi ya 1150 W pa ESCOM. Anthu ambiri amaganiza kuti poti sola ndi magetsi aang'ono, kawaya kalikonse kakwana. Masamu akukana.

Waya wa kopa wopyapyala, wa 0.5 mm², ukatalika mamita 30 umakhala ndi resistance pafupifupi 1 Ω. Mamita 30 si ambiri, chifukwa magetsi amapita n'kubwerera, ndiye kuti batire lili pa mamita 15 okha kuchokera pa TV. Ngati mu waya ameneyu mukudutsa 5 A, voltage yotayika m'njira ndi I × R, 5 × 1, yankho 5 V. Pa magetsi a ESCOM kutaya 5 V pa 230 V palibe amene angazindikire. Koma pa batire, 12 kuchotsa 5 kwatsala 7 V. TV siyaka ndi 7 V, kapena imangoyaka n'kuzima. Ndipo mphamvu yotayika ndi I × I × R, 5 × 5 × 1, yankho 25 W, yongotenthetsa waya. Waya wotentha pansi pa denga laudzu, mwezi wa Okutobala, inu mukudziwa mapeto ake.

Kumudzi kwathu zoterezi zikachitika anthu amathamangira kunena kuti batire lafa, kapena kuti wogulitsa anawabera. Ena mpaka amawolokera ku Mandimba kukafuna batire lina, kusintha makwacha kukhala meticais, pamene batire lakale lilibe mlandu. Nthawi zina vuto limakhala waya basi. Mankhwala ake ndi awiri ndipo onse ali m'buku la Ohm: fupikitsani waya, kapena nenepetsani waya. Mukasendeza batire kuti likhale pa mamita atatu m'malo mwa 15, resistance itsika kufika 0.2 Ω, ndipo mutaya 1 V yokha. Mukasiya mtunda womwewo koma n'kugula waya wa 2.5 mm², wonenepa kasanu, yankho ndi lomwelo. Kusendeza batire sikulira ndalama. Mukafika kunyumba lero tayang'anani waya wa kwanu.

Tibwerere kwa mwini wake. Mungaganize kuti buku lija litatuluka anthu anamunyamula m'mwamba. Ayi. Kuti alembe bukulo anapempha tchuthi cha chaka chimodzi n'kupita ku Berlin, akulandira theka la malipiro ake, ali ndi chiyembekezo choti akamaliza amupatsa ntchito ku yunivesite. Sanamupatse. Akatswiri ambiri a ku Germany nthawi imeneyo sankakonda kuti nkhani za magetsi zizifotokozedwa ndi masamu, ndipo ena ankakhulupirira kuti choonadi cha chilengedwe umachipeza poganiza mozama osati poyeza mawaya. Mmodzi wa amene anamutsutsa poyera anali Georg Friedrich Pohl. Akuluakulu a zamaphunziro nawo sanamuone ngati munthu wofunika. Ine ndikuganiza kuti chinanso chinali udindo wake. Akanakhala pulofesa wodziwika mwina akanamumvera msanga, koma uyu anali mphunzitsi wa sekondale, mwana wa wokonza maloko.

Zinamupweteka kwambiri, moti mu 1828 anasiya ntchito yake ya ku Cologne. Zaka zotsatira anakhala ku Berlin akuphunzitsa masamu mwa ganyu, kuphatikizapo pa sukulu ya asilikali, pa ndalama zochepa. Munthu wa zaka pafupifupi 40, atatulukira lamulo limene lero lili m'buku lililonse la Physics, n'kumakhalira maganyu. Mu 1833 mpamene anapeza ntchito yokhazikika pa sukulu ya zaumisiri ku Nuremberg. Anamutcha pulofesa, koma sinali yunivesite imene mtima wake unkafuna.

Ulemu unayambira kunja. Ku France, Claude Pouillet anayesa payekha m'zaka za m'ma 1830 n'kupeza zofanana ndi za Ohm. Ku England akatswiri amene ankalimbana ndi mawaya aatali a telegraph anaona kuti lamuloli likuwathandiza, ndipo Charles Wheatstone ananena poyera kuti ntchito yake inatsamira pa ya Ohm. Mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley, imene inali ulemu waukulu kwambiri wa sayansi kumeneko, ndipo mu 1842 linamulandira kukhala membala wochokera kunja. Apa mpamene akwawo anadzidzimuka. Mu 1845 anakhala membala wa bungwe la akatswiri a sayansi la Bavaria. Mu 1849 anaitanidwa ku Munich kukayang'anira zipangizo za Physics za bungwelo n'kumaphunzitsanso pa yunivesite. Mpando weniweni wa upulofesa wa Physics pa yunivesite ya Munich anaupeza mu 1852, ali ndi zaka 63, patatha zaka 25 buku lake litatuluka. Anaukhala zaka ziwiri zokha.

Pali kankhani kena kam'mbali kamene sindingakasiye. Munthu wina wa ku England, Henry Cavendish, anali atafika pafupi ndi lamulo lomweli cha mu 1781, Ohm asanabadwe. Iye analibe singano kapena kampasi yoyezera. Ankadutsitsa magetsi m'thupi mwake n'kumayerekeza ululu wake, uwu wapweteka kwambiri, uwu pang'ono. Koma sanauze anthu, anangosunga m'mapepala ake, mpaka James Clerk Maxwell anadzawasindikiza mu 1879. Ohm sankadziwa za ntchito imeneyi. Njira ya Cavendish musaiyese, a Fomu 1 ndikunena inu.

Dziwaninso kuti lamulo la Ohm lili ndi malire ake. Limagwira bwino pa zitsulo ngati kopa pamene kutentha kwake sikukusintha. Waya akatentha resistance yake imakwera. N'chifukwa chake ndinanena kuti 46 Ω ya ayironi ija ndi ya pamene yatentha. Babu lakale lija la kawaya m'kati limakhala ndi resistance yochepa likazima ndi yambiri likayaka. Mababu a LED amene ali m'matochi athu ambiri satsata mzere wowongoka wa Ohm, ukawonjezera voltage pang'ono current imalumpha kwambiri. Koma P = V × I imagwirabe pa batire ndi LED, choncho chaja ya foni yolembedwa 5 V ndi 2 A imatha kupereka mpaka 10 W. Tembenuzani chaja yanu muwerenge timalemba ting'onoting'ono tija.

Ohm sanagwire za magetsi zokha. Mu 1843 analembanso za mmene khutu la munthu limamvera mawu, ndipo nkhani imeneyo inabweretsanso mkangano ndi akatswiri ena. Sanakwatire moyo wake wonse. Anamwalira pa 6 Julayi 1854 ku Munich ali ndi zaka 65, ndipo anaikidwa m'manda akale a kumwera kwa mzindawo otchedwa Alter Südfriedhof. Mu 1881 akatswiri a magetsi ochokera m'mayiko osiyanasiyana anakumana ku Paris n'kugwirizana mayina a miyezo. Anavomereza volt kukumbukira Volta, ampere kukumbukira André-Marie Ampère wa ku France, ndi ohm kukumbukira mphunzitsi wa ku Cologne uja, atagona m'manda zaka 27. Chizindikiro cha Ω ndi chilembo chomaliza cha afabeti ya Chigiriki, dzina lake omega, ndipo mukalitchula mumva kuti likuyamba ngati dzina lake.

Ndakusiyirani ntchito pansi pa pepalali. Wometa wina ali ndi batire la 12 V. Walumikizapo mababu atatu a 6 W lililonse ndi wailesi ya 24 W, zonse mu parallel, kuyaka nthawi imodzi. Pezani power yonse, current yotuluka mu batire, ndi resistance ya zonsezo pamodzi. Kenako mundiuze kuti ngati waya wochoka pa batire ali ndi 0.4 Ω, pafupifupi ma volt angati akutayika m'njira. Lembani ndi pensulo pa malo ndasiyawa, muike kalasi yanu, ndipo chonde musang'ambe pepala ngati mmene zinachitikira ndi ndakatulo ya mwezi watha. Mayankho ndidzamata Lachisanu.